Pasikaziya ndi Maliro a Mkazi Wamoyo

Mlamu wanga Pasikaziya anafika paphiri pathu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, atasenza kadengu kamodzi, m'kati muli chitenje ndi mpeni wosendera nthochi. Ng'ombe ya malowolo panalibe, wansembe panalibe, ngakhale nthungululu sitinaimbe. Nkhondo inali ikadali m'kati m'Burundi muno, ndiye ndani akanakhala pansi n'kumaganiza za diresi loyera? Achimwene anga a Melikiyade anamupeza kumsika akugulitsa mapeyala a azakhali ake, anacheza naye milungu itatu, tsiku lina m'mawa tinangoona mtsikana wamtali akusesa pabwalo. Ambirife tinalowa m'mabanja choncho. Inenso Venansiya ndinalowa choncho, kungoti amuna anga anachita mwayi, anafa lamulo lisanawapeze.

Zaka makumi awiri zinatha ali pakhomopo, ana anabereka asanu ndi mmodzi. Nyumba ya njerwa ija dothi lake anaponda ndi mapazi ake ali ndi pakati pa mwana wachitatu. Khofi wa kuseri ankayalira udzu ndi iyeyo, achimwene ali pabawo. Koma chimene anatchuka nacho ndi mowa wa nthochi. Akagwada pachibwato chake chofinyiramo, manja ali m'udzu mpaka m'zigongono, phiri lonse linkadziwa kuti Lamlungu kuli kokhala. Pakamwa pakenso panali pamoto. Tsiku lina mphunzitsi wa katekisimu anamuuza kuti akukhala m'tchimo, iye anayankha anthu onse akumva: "Tchimolo ndi limene limakufululirani mowa mumamwa mukatuluka m'tchalitchi uja, aphunzitsi." Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Lamulo linatipeza Loweruka lina mu 2017, titamaliza kututa njerwa pantchito yachitukuko. Terensi, mkulu wa phiri lathu, anakwera pamulu wa njerwazo. Terensi ndi mwana wa dzana, ndinamuonapo akuyenda wopanda kabudula, koma boma linamupatsa kope ndi cholembera. Amalankhula akumwetulira, moti sudziwa ngati akuseka nawe kapena akukulemba. Anati aliyense wokhala ndi mkazi popanda ukwati wa kukomine, ku ofesi ya boma ya m'dera, akhale atakalembetsa chaka chisanathe. Anati mwamuna amene ali ndi mkazi wolembedwa m'buku la boma koma akukhala ndi wina, winayo abwerere kwa makolo ake, ana atsale kwa bambo awo.

Wina kumbuyo anakuwa, "Boma lalowa kuchipinda tsopano! Libwere ndi bulangete lake!" Tonse tinafa nacho chiseko, ndipo Pasikaziya anaseka kuposa aliyense.

Patatha milungu iwiri kuseka kunatha. Tinali kupalira nyemba pamene tinaona Lewokadiya wa kutsidya akutsika njira, mphasa kumutu, poto m'manja, khanda kumsana, kumbuyo kwake apolisi awiri ndi Terensi. Ana ake atatu ankamuthamangira akulira, bambo awo akuwabweza ndi kamtengo. Mwamuna wake anali ndi mkazi wa m'buku kwina. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala panyumba ija! Ndipo kwawo ankapita kukatani? Mwana wamkazi salandira munda, alongo ake anagawana kalekale. Pambuyo pake tinamva kuti akugona m'khitchini mwa mlamu wake. Pasikaziya anaima ndi khasu m'manja. Iye kwawo kunalibe ngakhale khitchiniyo: makolo anafa pankhondo, malo alongo ake anagulitsa n'kulowera ku Bujumbura.

Kuyambira tsiku limenelo achimwene sanaone mtendere, Pasikaziya ankangowaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Bambo a Fidele, tiyeni kukomine."

"Mwendo ukundipweteka."

M'mawa mwake: "Bambo a Fidele, tiyeni."

"Tithyole kaye khofi, boma silithawa."

Mpaka tsiku lina anawachapira malaya, kuwavalitsa ngati mwana, n'kuwatsogoza. Ine ndinapita nawo kukakhala mboni. Mlembi anatsegula chibuku chakale chodyeka ndi chiswe m'mbali, kunyowetsa chala, kutembenuza, kutembenuza, kenako anavula magalasi.

"Bambo, mwabwera kudzasewera ndi boma? Inu muli ndi mkazi kale. Sipesiyoza, 1993."

"Ameneyo anafa pankhondo," ndinayankha ndine, chifukwa achimwene anangoti kukamwa yasa.

"Buku langali silikudziwa zimenezo, mayi. Malinga ndi bukuli, mayi mwabwera nawowa ndi mlendo panyumba ya mwini. Bweretsani mboni ziwiri za imfayo ndi kalata ya mkulu wa phiri. Apo ayi, Disembala akatha mukudziwa nokha."

Sipesiyoza ndinkamudziwa, ndinavina paukwati wake. Anakhala nafe miyezi inayi yokha. Tsiku limene phiri lathu linayaka moto iye anali kumsika, aliyense anathawira kwake, ndipo sitinamuonenso. Tonse tinkati anafa. Pasikaziya ankadziwa kuti panali mkazi woyamba, koma zoti anali wa m'buku palibe anamuuza.

Pobwerera achimwene anakhala pansi m'mbali mwa msewu, chipewa m'manja. Anati zaka zisanu zapitazo munthu wina wogulitsa mafuta a kanjedza anawauza kuti anamuona Sipesiyoza ku Makamba, akudwala. "Kaya anachira, kaya anafa, sindikudziwa."

"Asa! Inu achimwene," ndinatero, "chimutu chachikuluchi mumasungiramo chiyani, nyemba? Zaka zisanu muli duu ndi nkhani yotereyi?"

Pasikaziya sanatukwane. Anangofunsa ndi mawu aang'ono, "Ndiye kuti akakhala moyo abwera kudzatenga nyumba yake?"

Tinapita awiri ku Makamba, achimwene tinawasiya, akanangotilemera. M'basi monse anagwira kolona, milomo ikugwedera. Titadutsa Gitega anandinong'oneza, "Mlamu, ndikupempherera munthu kuti tikamupeze atafa. Kodi Mulungu pemphero lotere amalimva, kapena amalilemba?" Inenso mumtima ndinkapempha zomwezo.

Tinamupeza wamoyo, akuyanika chinangwa pabwalo. Anali atakalamba msanga, mano akutsogolo atachoka, koma atandiona anagwetsa lichero.

"Venansiya! Mwanditsata? Mwabwera ndi apolisi?"

Ife tinkamuopa iye, pomwe iye akutiopa ife. Anatikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Anati anathawira ku Tanzania, kumsasa wa othawa nkhondo anamulemba dzina lina, Rozata, ndipo pachiphaso chake pali dzina limenelo. Ali ndi mwamuna wake woyenga mafuta, ana asanu, ndipo mayina awo anali atapachikidwa kale pakhoma la komine yawo kudikira ukwati. Zikanadziwika kuti ndi Sipesiyoza wa m'buku, akanamuchotsa pakhomo pakepo n'kumubweza kwa achimwene, munthu amene sanamuone zaka makumi awiri ndi zinayi.

"Nyumba yanu sindikuifuna, mayi," anamuuza Pasikaziya. "Mwamuna wanuyo ngakhale mutandipatsa ndi mbuzi pamwamba. Sipesiyoza anafa. Kauzeni choncho."

Pasikaziya anagwada n'kumugwira mapazi. Potuluka tinakumana ndi mwamuna wa zaka zoposa makumi awiri atasenza phava la zipatso za kanjedza. Ndinamuyang'ana kamodzi kokha: makutu otambalala aja, khosi lija, ndi achimwene ali mnyamata. Ndinacheukira Sipesiyoza, iye anayang'ana kumbali. Pasikaziya sanaone kanthu, maso anali odzaza misozi, ndipo ine sindinamuuze.

Mboni tinapeza: ine ndi abambo athu aang'ono a Gorodiyano, amene maso anayamba kuchita khungu ndipo ankakhulupirira ndithu kuti mkamwana wawo anafa. Inatsala kalata ya Terensi. Anatilandira akumwetulira, kope lili pabondo.

"Pepani, pepani kwambiri. Imfa yowawa. Koma ndifunse, munaganduka?"

Tinayang'anana. Kuganduka, mwambo wotsiriza maliro, sitinachite, tikanachita bwanji nthawi ya nkhondo?

"Aa, ndiye ine ndilemba bwanji kuti munthu anafa pamene abale ake sanamulire? Fululani mowa, muitane phiri lonse, ndipo wa kwawo kwa malemu abwere adzalankhule. Ndikamva ndi makutu angawa, kalata mutenga tsiku lomwelo."

Choncho mlamu wanga anafulula mowa wa maliro a munthu amene anamusiya akuyanika chinangwa. Masiku amenewo sankadya. Ankati akamva njinga yamoto kumunsi, n'kulowa m'nthochi poganiza kuti ndi apolisi. Tinatumiza uthenga ku Makamba kuti atipezere nkhalamba iliyonse idzaime ngati malume a malemu.

Tsikulo linafika, dzuwa lili pamutu anthu atadzaza bwalo, amuna pamabenchi, ife akazi pamphasa, mitsuko ya mowa pakati ndi timabango toyamwira. Ndinapita kuseri kukatenga mtsuko wina, ndipo ndinangoona munthu akuwerama kulowa pakampata ka kuseri kwa mpanda, atafunda chitenje kumutu. Mayo ine! Anali Sipesiyoza mwini wake. Kampata kameneko ndi ka eni khomo. Mlendo amalowera kuchipata cha kumaso, n'kuima, n'kudikira kuti amulandire. Koma mapazi ake anakumbukira njira imene ankadzera pochokera kumadzi, mutu usanaganize.

Amayi ake a Terensi anali pomwepo akutsuka zikho. Anthu a 1993 ambiri ali m'manda, ena sanabwerereko, koma mayi amenewa analipo.

"Mlendo ameneyu kampata aka wakadziwa bwanji?"

"Ndamulozera ndine, mayi," ndinatero. "Ndi a Rozata, msuweni wa malemu. Kumaso kwadzaza anthu."

Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osafulumira, madzi akudontha m'chikho. Kenako anangoti, "Oho."

Ndinamukokera pambali. "Mwapenga? Tinati mutumize nkhalamba!"

"Kwathu kulibe nkhalamba, onse anatha," anayankha osandiyang'ana.

Pasikaziya atamuona akukhala pamphasa ya alendo, mtsuko unamupulumuka, ndinauwakha ndine. Achimwene ankayang'ana pansi ngati pagwa singano. Mawu anayamba. A Gorodiyano analankhula za nkhondo, za mkamwana wawo amene anali waulemu, wodziwa kuphika nyemba ndi nthochi, ndipo mwini wake anali apo akumva, chitenje chili pakamwa. Kenako anafika pafunso limene limafunsidwa pamwambo uliwonse wotere, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene Sipesiyoza anabwerera.

"Ngati pali amene akudziwa mwana wa pakhomo pano amene malemu anasiya kwina, anene lero. Dzuwa la lero likalowa, nkhani imeneyi yatsekedwa, wobwera mawa sitidzamudziwa."

Zii. Anafunsa kachiwiri. Ndinkamuyang'ana Sipesiyoza ndikupempha mumtima, khalani pansi mayi inu, khalani pansi. Atafunsa kachitatu, Sipesiyoza anaimirira.

"Malemu anathawa ali ndi pakati. Anasiya mwana wamwamuna, dzina lake Buhungiro. Ndamulera ndine."

Bwalo lonse linachita phokoso. Terensi anaika kabango pansi, kupukuta pakamwa, n'kutsegula kope.

"Zikomo mayi. Tatiuzani bwinobwino, poti ndinu amene munalipo. Anafera kuti?"

"Kumsasa, ku Tanzania. Kolera."

"Munaona ndi maso anu?"

"Maso ake ndinatseka ndine. Tinamukulunga m'lona la buluu la matenti chifukwa nsalu kunalibe. Manda ake ali kuseri kwa thanki ya madzi, opanda mtanda. Pomwalira ankatchula phiri lino."

Apo analira, ndipo sikunali kulira kopanga. Akazi ena pamphasa anayamba kusisima nawo. Ndiye amayi ake a Terensi analankhula ali chikhalire, mawu ozizira:

"Koma msuweniyu akufanana ndi malemu, inu. Kaimidwe komweko."

Ndinaona Pasikaziya atatseka maso. Ndinadziwa kuti akuona njira ija imene anatsika Lewokadiya.

"Amayi athu anali mapasa," anatero Sipesiyoza, akupukuta mphuno ndi chitenje.

Terensi anawayang'ana amayi ake, anayang'ana mlendo, cholembera chili m'mwamba. Kaya anadziwa, kaya sanadziwe, mpaka lero sindinganene. Anatembenukira kwa mlamu wanga akumwetulira.

"Mayi a Fidele, nkhani ili kwa inu. Mwanayu mukumulandira? Poti munda wa pano ndi umene mukuuonawu, ndipo anyamata anu ndi anayi kale. Mukakana palibe vuto, tipititsa kukhoti, akafufuze okha kumsasako za imfayi ndi za mwanayu."

Kamundako ndinkakadziwa, mutha kuponya mwala kuchokera malire ano n'kugwera kwa eni. Ana ake anayi anali ataima kumpanda akumuyang'ana. Pasikaziya anadzuka pogwira phewa langa.

"Ndamulandira," anatero. "Ndi mwana wanga woyamba."

Anthu anaomba m'manja, wina anaimba nthungululu pamaliro, ndipo Terensi analemba kalata pabondo pomwepo. Anthu akumwa, akazi awiri aja anakumana kuseri kwa khola, ine ndikulondera.

"Mwandipha, mayi," anatero Pasikaziya. "Bwanji simunandiuze ku Makamba?"

"Mukanavomera? Ine ndafa lero kuti inu mukhale m'nyumba. Ndamva ndekha akundiika m'manda. Mumafuna mwana wanga afenso, akhale wopanda bambo, wopanda pogwira khasu? Mwamuna wanga uja ali ndi ana ake, uyu samuwerengera."

Sipesiyoza anatuluka, ulendo uno kudzera kuchipata cha kumaso, ndipo sanapondenso paphiri pathu.

Ukwati unachitika Disembala ali pakati, mabanja makumi asanu ndi limodzi m'holo imodzi, ena ndi zidzukulu kumsana. Itafika nthawi yogwira mbendera n'kulumbira, mlamu wanga anazengereza kuigwira moti mlembi anaseka, "Musaope mayi, mwamunayu mukumudziwa kale." Anthu anaseka, iye ayi. Pepala analandira. Palibe wapolisi anabwera kudzamutulutsa, ana ake anagona ndi mayi awo, ndipo ine ndinati basi, zatha.

Buhungiro anabwera mu Januwale ndi kachikwama ndi mbuzi ziwiri. Anamudulira gawo lake kumunsi kwa khofi, anamanga kanyumba, chaka chotsatira anakwatira, ukwati wa kukomine ndithu. Sindinganame, ndi munthu waulemu. M'mawa uliwonse amakwera kudzapereka moni, "Mwadzuka bwanji amayi?" Koma iye akudziwa kuti amayi ake enieni ali ku Makamba akuyanika chinangwa, amapitako pa Khirisimasi ati kukaona azakhali. Atangotsegula pakamwa kamodzi kwa Terensi, ukwati uja wafa, ine ndi achimwene tikalowa m'ndende chifukwa cholumbira bodza, ndipo Pasikaziya atsika njira ndi mphasa kumutu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ameneyu anakhala pamkhate umene muli moyo wathu tonse. Sanatiopsezepo poyera. Kamodzi kokha, atakangana ndi Fidele za mtengo wa mapeyala wa m'malire, ananena mofatsa, "Kapena tipite kwa a Terensi tikakambe zonse?" Pasikaziya anachokera kukhitchini n'kumumenya mbama Fidele, mwana wake woyamba, mwamuna wandevu, pamaso pa anthu. Mtengowo unapita kwa Buhungiro.

Mowa Pasikaziya akufululabe, koma chikho choyamba chimatsikira kumunsi kwa khofi. Akaphika nyama, ntchafu ndi ya kumeneko. Pamsonkhano wa phiri amakhala kumbuyo, ndipo Terensi akamupatsa moni amayankha atagwada, mwana amene ankamuthamangitsa m'mapeyala. Amayi ake a Terensi akadwala, woyamba kufika ndi phala ndi iyeyo. Zimandiwawa, ndikunena zoona, zimandiwawa kuposa tsiku la maliro lija.

Mwezi wathawu ndinapita kukamuona mlamu wanga m'mawa. Ndisanafike pabwalo ndinapeza mbuzi za Buhungiro, tsopano zilipo zisanu ndi ziwiri, zili m'munda wa nyemba wa Pasikaziya, nyemba zitayamba maluwa, zimene anabzala yekha msana ukumupweteka. Magazi anandikwera. Ndinatola mwala n'kuyamba kukuwa, "Iwe Buhungiro! Tuluka! Mbuzi zakozi zilibe chingwe? Kapena ukuona ngati pano ndi pamsasa pa..."

Sindinamalize. Pasikaziya anachokera m'nthochi akuthamanga, chitenje chikugwa, n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lake lonse, lina likundilanda mwala. Ankayang'ana kumunsi, kukhomo la kanyumba kaja, ngati latseguka. 

"Mlamu, ndagwira mwendo wanu," ananong'ona. "Zisiyeni zidye."

Tinaima pomwepo awiriwiri, dzanja lake lili pakamwa panga, mbuzi zikumaliza mzere woyamba n'kulowa wachiwiri.